MATAMBALA A BOMA NDI MTENGO WOPANDA MWINI

Pa zinthu zambiri zimene boma la dziko lino lidayesa pofuna kupulumutsa nkhalango zathu, chilipo chimodzi chimene anthu adachiiwala msanga, ndipo ana a masiku ano akachimva amayesa nthano. Idalipo nthawi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene mlimi ankatha kulandira ndalama kuchokera ku boma chifukwa cha mitengo imene iye mwini adabzala m'munda mwake. Munda wake, mtengo wake, mthunzi wake, koma boma n'kumuwonjezera kangachepe pamwamba! Munthu akadayembekeza kuti pofika lero dziko lonse likadakhala lobiriwira ngati dimba. Koma inu a ku Nkolokosa, a ku Zingwangwa, a ku Manja ndi a ku Chilobwe, kwezani maso muone phiri la Soche. Inunso a ku Ndirande, yang'anani phiri lanu. Miyala ili pambalambanda. Nanga ndalama zija zidagula chiyani?

Funso limeneli si la akatswiri a zankhalango okha ayi. Chaka ndi chaka, mvula ikagwa, timamva pa wailesi kuti mbande zochuluka zabzalidwa, ndipo nafenso m'maparishi mwathu timatenga makasu titatuluka Misa n'kukabzala zathu. Masiku ano yabweranso nkhani yoti alimi azilipidwa chifukwa cha mitengo yawo, popeza mitengo imameza mpweya woipa umene ukutenthetsa dziko lonse lapansi. Tsono munthu asanapondenso pamene adagwa dzana, ndi bwino ayambe wayang'ana chimene chidamugwetsacho.

Tiyambire kutali pang'ono. Makolo athu sankabzala nkhalango. Luso lawo lidali lodziwa kusiya. Munthu poswa mphanje ankagwetsa mitengo yambiri, koma msuku, mpoza ndi mkuyu ankailambalala, chifukwa ana adzadyapo. Msangu ankausiya pakati penipeni pa munda, podziwa kuti umayoyola masamba ake nthawi ya dzinja, ndipo chimanga chimakondwa pansi pake. Padalinso malo amodzi kumene nkhwangwa sinkapita mwachisawawa, ndiko kumanda. Kufikira lero lino, mukakwera basi kuchoka ku Limbe kupita ku Zomba kapena ku Mulanje, n'kuona kankhalango ka mitengo yachilengedwe kataima kokha pakati pa minda yoyera, simuchita kufunsa. Mukudziwa kuti pamenepo pagona anthu. Palibe boma lidalipirapo tambala pa mitengo imeneyo, ndipo palibe mlonda wa yunifolomu amene amaiyang'anira. Imayima chifukwa mudzi wonse ukudziwa kuti ili ndi eni ake, amoyo ndi akufa omwe.

Atsamunda atafika, mtengo udasintha nkhope. Kuno ku mapiri a Blantyre, Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, malo aakulu adagwa m'manja mwa azungu a maesiteti kuyambira m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890, kotero kuti anthu amene adapezeka pamalopo, pamodzi ndi Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique, adasanduka alendo pa nthaka yomwe ankalima. Ankalipira malowo ndi thukuta lawo. Imeneyi ndiyo thangata ija agogo athu saitchula mosekerera. Tsono munthu wa pathangata, amene akadatha kupirikitsidwa chaka chilichonse, akadabzaliranji mbawa, mtengo wofuna zaka makumi angapo kuti ufike pocheka matabwa? M'zaka za m'ma 1920 boma lidadula malire a nkhalango zakezake, ndipo mapiri a Ndirande ndi Soche adalowa m'gulu limeneli. Mu 1926 lidayambitsa nkhalango za m'midzi, zoyang'aniridwa ndi mafumu, ganizo limene lidali labwino ndithu ndipo m'madera ena lidagwira mseu. Koma lamulo la zankhalango la mu 1942 lidaika mitengo ina, monga mlombwa ndi mbawa, pa mndandanda wa mitengo yosadulidwa popanda chilolezo, ngakhale itamera pa malo a mudzi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kudabwera malamulo a malimidwe: mizere yopingasa, migula, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kuponyedwa m'ndende. Pambali pa chikoti chimenechi boma lidayesanso uchi. Kuyambira mu 1950 mpaka mu 1962 lidali ndi dongosolo lopereka bonasi kwa alimi osankhika amene ankatsata zonse zimene alangizi ankanena. Adalowamo ndi anthu owerengeka chabe, ndipo anzawo ambiri ankawayang'ana ndi diso lokayika, ngati anthu a Mzungu.

Choncho pofika tsiku la ufulu mu 1964, munthu wa kumudzi adali ataphunzira phunziro limodzi lowawa: nthaka ikasamalidwa, isamalidwa chifukwa boma lalamula, mtengo waukulu ukaima, waimira boma. Lamulo la mu 1942 lija silidachoke ndi atsamunda. Lidagwirabe ntchito mpaka mu 1997.

Boma la Dr. Kamuzu Banda silidagone pa nkhani ya mitengo, ndipo apa tiyenera kunena chilungamo. Mu 1976 lidakhazikitsa Tsiku Lobzala Mitengo, pa 21 Januwale chaka chilichonse, ndipo ana a sukulu, apayoniya, amayi ndi ogwira ntchito za boma ankatuluka ndi mbande m'manja. Ku Viphya boma lidabzala paini pa mahekitala oposa 50,000, poyembekeza fakitale yopanga mapepala ku Chintheche, fakitale imene sidamangidwe konse. Komabe nkhwangwa inkathamanga kuposa khasu. Kalembera wa mu 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa mu 1987 adapeza pafupifupi 8 miliyoni. Pakamwa pochuluka chotere pankafuna minda yatsopano ndi moto wophikira. Fodya, amene adali msana wa chuma cha dziko, ankadya nkhuni zosawerengeka m'mabalani ndi mitengo yomangira zigafa, ndipo ngakhale eni maesiteti adali ndi pangano losiya gawo limodzi mwa magawo khumi a malo awo kuti likhale la mitengo, ambiri panganolo sadalisunge.

M'zaka zomwezo, akatswiri a maiko akunja adagwidwa ndi mantha akuti Africa yense atsala pang'ono kusowa nkhuni. Ndi mantha amenewa adabala ntchito yaikulu ya nkhuni imene boma lathu lidayamba mu 1980 ndi ngongole ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Lidatsegula manazale 88 m'dziko muno, ndipo mbande ya bulugamu, ya malayina kapena ya keshya inkagulitsidwa pa tambala imodzi, mtengo wotsika kwambiri kuposa zimene boma linkawononga poifesa. Nzeru yake idali yakuti mlimi sabzala chifukwa alibe mbande; mukamuyandikizira mbande yotchipa, abzala. Koma alimi adagula kagawo kakang'ono chabe ka mbande zimene manazalewo adakonzedwera. Kagulu ka boma kofufuza za nkhuni kataloza m'midzi kukafunsa, kadapeza chinthu chimene mayi aliyense wa kumudzi akadawauza popanda kafukufuku: amene ankabzala mitengo ankafuna nsichi, phaso ndi mapolo ogulitsa, ndiponso zipatso. Zobzala mtengo kuti adzausonkhe pamoto zidali kutali ndi maganizo awo. Mmodzi mwa ofufuzawo, David French, adalemba mu 1986 kuti vutoli silingathe ndi njira zimene zinkayesedwazo, pokhapokha ngati kubzala nkhuni kutamupindulira mlimi kuposa kulima chakudya.

Tiyeni tilowe m'mutu mwa mlimi uja, pakuti sadali wopusa. Ali ndi ekala ziwiri, mwina zosakwana, ndipo m'nyumba muli pakamwa pasanu ndi pawiri. Akapatula ndime ya bulugamu, ndimeyo sidzamupatsa kanthu kwa zaka zisanu kapena kuposerapo, ndiponso bulugamu ndi mnansi woipa wa chimanga: amamwa chinyontho, amaphimba dzuwa. Pamene zili choncho, kuphiri nkhuni n'zongotola. Boma lomwe, pomvera chisoni anthu a m'tauni, linkagulitsa nkhuni za m'nkhalango zake pa mtengo wotsika, potero n'kugwetsa mtengo wa nkhuni za wina aliyense amene akadafuna kubzala kuti azigulitsa. Dzanja lamanja linkapempha mlimi kuti abzale, lamanzere n'kumachotsa phindu la kubzalako. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa mlimi uja wapamphuno adali chimanga cha chaka chino.

Ntchito ija italowa gawo lachiwiri mu 1986, akuluakulu adaganiza kuti ngati mbande yotchipa yalephera, ndiye ayese ndalama yeniyeni. Apa ndi pamene idabadwira bonasi ija. Mlimi ankabzala mitengo yake, ndipo patapita zaka ziwiri mlangizi ankabwera kudzawerenga imene yapulumuka. Pa mtengo uliwonse wamoyo boma linkalipira. Ndalama yake idali ya matambala, osati ya makwacha. Ine ndikuona kuti m'ganizo limeneli mudali nzeru imene ngakhale lero ambiri alibe: silinkalipira dzenje, linkalipira mtengo wamoyo. Aliyense amene adabzalapo mtengo akudziwa kuti tsiku lobzala ndilo lophweka pa masiku onse. Adani amabwera pambuyo: udzu wa mu Febuluwale, chiswe, mbuzi za m'chilimwe, ndi moto wa anyamata osaka mbewa.

Koma taganizani ntchito imene bonasi yotereyi imabala. Mlangizi ayenera kuyenda, pa njinga kapena pa galimoto, kufika m'munda uliwonse, awerenge mitengo umodziumodzi, alembe m'mafomu, mafomuwo apite ku boma, asainidwe, ndalama ituluke, iyendenso mtunda womwewo kubwerera kwa mwini munda. Kuti matambala aja afike m'manja mwa mlimi, makwacha adali atathera panjira. Ndipo ndani akadailandira mosavuta? Ndi uja wa malo aakulu, amene adali kale ndi ndime yopatula, amene mwina akadabzala ngakhale popanda bonasi. Mayi wamasiye wa ekala imodzi, bonasi sidamukuzire munda. Peter Dewees, amene adasanthula nkhaniyi n'kuilemba mu 1995, adapeza kuti dongosololi lidali lokwera mtengo poliyendetsa pamene zipatso zake zidali zochepa, ndiponso kuti m'minda ya Amalawi mudali kale mitengo yambiri imene alimi adabzala kapena kuisiya mwa kufuna kwawo, pa zifukwa zawozawo. Bonasi ija idazilala mwakachetechete, yopanda maliro.

Palinso chinthu china chimene tambala sikadatha kuchigula, ndipo ndichitchula mwaulemu chifukwa chikukhudza mwambo wathu. Kuno kum'mwera ndi m'chigawo chapakati, m'midzi yambiri mwamuna amakakhala kwa mkazi, pa chikamwini. Munda ndi wa mbumba ya mkaziyo. Ukwati ukatha, kapena mayi akatsogola, mkamwini amanyamula mphasa yake n'kubwerera kwawo, mitengo n'kutsala. Ofufuza angapo adaona kuti amuna otere kawirikawiri sachita changu pobzala mitengo. Sindikunena kuti mwambowu ndi woipa. Wateteza amayi ndi ana ambiri amene pena akadasowa pogwira. Ndikungoti amene ankawerenga mbande ku likulu sadafunse funso limene mkamwini aliyense amadzifunsa asanakumbe dzenje: kodi mtengo uwu ukadzakula, ine ndidzakhala ndili pano? Ndipo ife ansembe, amene timadalitsa maukwati n'kumaphunzitsa kuti ndi a moyo wonse, tiyenera kuzindikira kuti banja lokhazikika ndi nazale yabwino kuposa manazale 88 aja.

Malembo Oyera ali ndi kankhani kakang'ono kamene timakadumpha kawirikawiri. M'buku la Genesis, mutu 21, Abrahamu akangana ndi mfumu Abimeleki pa za chitsime chimene antchito a mfumuyo adalanda. Awiriwo apangana, Abrahamu apereka ana a nkhosa asanu ndi awiri ngati umboni wakuti chitsimecho adakumba ndi iye, ndipo pambuyo pake, pa Beereseba pomwepo, abzala mtengo napemphera kwa Mulungu. Munthu amene moyo wake wonse adali woyendayenda m'mahema, timamva kuti wabzala mtengo pokhapokha mlandu wa chitsime utatha, atatsimikiza kuti pamalopo sadzachotsedwa. Dongosolo lake ndi lomwelo mpaka lero: poyamba chitsimikizo, kenaka mtengo.

Tsopano tibwere kwathu kuno, pakuti mpaka pano ndakhala ndikunena za alimi ngati kuti ife a m'tauni tidali oonerera chabe. Sitidali oonerera ayi. Nthawi yonse imene boma linkapereka matambala kwa wobzala, ife tinkapereka makwacha kwa wodula, ndipo tikuperekabe. Boma linkalipira patapita zaka ziwiri, atadzazidwa mafomu. Ife timalipira pompopompo, pakhomo, njinga isanaime bwino. Imirirani m'bandakucha pa msewu wochokera ku Zalewa, muone anyamata akukankha njinga zosenza matumba atatu kapena anayi a makala ochokera ku Neno, ku Mwanza ndi kutsidya kwa malire. Thukuta lili kamukamu, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Matumba amenewo akupita ku Nkolokosa, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Machinjiri, ndiponso, tisabise, kunyumba za ansembe ndi za asisiteri. Kafukufuku wina wa mu 2007 adapeza kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatha matumba a makala oposa 6 miliyoni pa chaka. Imeneyi ndiyo bonasi yeniyeni imene dziko lino lakhala likulipira mokhulupirika, ndipo ndi bonasi yodula.

Sindikuloza chala mayi wa ku Nkolokosa amene akukoleza mbaula madzulo ano. Aphikire chiyani? Kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti m'dziko muno ndi nyumba pafupifupi imodzi yokha pa nyumba khumi imene idali ndi magetsi a ESCOM, ndipo ngakhale amene ali nawo amadziwa kuthimathima kwake. Chomvetsa chisoni n'chakuti kuthimako kumachokeranso pang'ono ku nkhwangwa yomweyo, popeza dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo limakathera mu Shire, n'kukatseka makina a ku Nkula ndi ku Tedzani. Magetsi akathima tigula makala. Tikagula makala phiri liyera. Phiri likayera magetsi athimanso. Sindikulozanso chala mnyamata wa njinga uja, amene pa anthu onse a m'malondawa ndi amene amavutika kwambiri n'kupindula pang'ono. Ndikungofuna kuti tileke kudabwa ngati kuti mitengo idathawa yokha usiku.

Mzinda wa Blantyre udali ndi ntchito yakeyake ya nkhuni, imene idayamba chapakati pa zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Norway. Cholinga chidali chabwino: kubzala bulugamu m'mapiri ozungulira Blantyre, Chiradzulu ndi Zomba, kuti mabanja osauka a m'tauni azipeza nkhuni pa mtengo wofikirika. Adabzala mahekitala oposa 4,000. Apa boma silidalipire mlimi chifukwa cha mtengo wake; lidatenga malo a midzi n'kulemba anthu ganyu yobzala mitengo ya boma. Anthu adalandira malipiro awo, mitengo idakula, koma mumtima mwa amene kale ankadyetsa mbuzi ndi kutola nkhuni pamalopo, nkhalangoyo idali ya eni ake.

Kenaka idafika mphepo ya kusintha. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi onse, ndipo mantha a zaka makumi atatu adayamba kusungunuka. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 adasankha boma latsopano. Akatolika timanyadira masiku amenewo, ndipo n'koyenera kutero. Koma walira mvula walira matope. M'zaka zomwezo nkhalango ya paini ya paphiri la Ndirande, imene idaima zaka zambirimbiri, idagwetsedwa m'nthawi yochepa, anthu akunyamula matabwa ndi nkhuni masanasana, ena n'kuyamba kulima ndi kumanga pamene padali mitengo. Ambiri amati imeneyo idali mbuli yosamvetsa demokalase. Ine ndikuganiza kuti anthuwo adachita chimene adaphunzitsidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Adauzidwa kuti phiri ndi la boma, ndipo chimene chinkawaletsa kulowamo chidali mantha okha. Mantha atachoka, sipadatsale china chowaletsa, pakuti palibe ndi mmodzi yemwe adaphunzitsidwa kunena kuti phiri ili ndi langa. Kumanda kuja, m'zaka zomwezo, mitengo idatsala chiimire.

Ambuye Yezu, mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane, mutu 10, adasiyanitsa mbusa ndi munthu waganyu. Waganyuyo sadamunene kuti ndi mbala kapena waulesi. Cholakwika chake n'chakuti nkhosazo si zake, motero mmbulu ukafika iye amayamba waganiza za khungu lake. Kwa zaka pafupifupi 70, maboma onse awiri, la atsamunda ndi lathu, adasandutsa anthu a dziko lino aganyu pa mitengo ya dziko lawo lomwe, nthawi zina ndi chikoti, nthawi zina ndi tambala.

Boma lidazindikira zimenezi, ngakhale mochedwa. Ndondomeko ya zankhalango ya mu 1996 ndi lamulo latsopano la mu 1997 zidatsegula khomo loti midzi iziyang'anira nkhalango zake kudzera m'makomiti, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 minda ya bulugamu ya ntchito ya Blantyre ija idaperekedwa m'manja mwa midzi. Kwina zidayenda. Kwina mitengo idatha mofulumira, pakati pa mikangano ya makomiti, mafumu ndi anthu wamba pa za ndalama. Umwini sulembedwa ndi cholembera tsiku limodzi. Munthu amene kwa zaka zambiri wauzidwa kuti chinthu si chake, mukamupatsa mwadzidzidzi amayesa mwina mawa mudzachilandanso, ndiye amafulumira kudyeratu.

Za usiku wa pa 12 ndi 13 Malichi 2023 sindifuna kunena zambiri, chifukwa m'mabanja ambiri amene akuwerenga tsamba lino bala lake silinapole. Namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera paphiri la Soche, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 600 adatsimikizika kuti adafa, ndipo mazana ena sadapezeke. Pamaliro ena kudamveka mawu akuti mitengo ikadakhalapo zonsezi sizikadachitika. Tisafulumire. Napolo adatsika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo mvula yoopsa chotere imatha kugumula ngakhale phiri la mitengo. Chimene tinganene moona n'chakuti nthaka yopanda mizu imagonja msanga, ndiponso kuti pamene kale padali nkhalango padali patamangidwa nyumba, za anthu amene sadapeze malo ena otsika mtengo m'mzinda uno. Iwo sadakwere phirilo chifukwa chokonda mphepo.

Nanga tsono tinene kuti kulipira mlimi chifukwa cha mitengo n'kutaya ndalama? Ine sindikutero. Munthu wa ku Neno amene wasunga mitengo m'mbali mwa mtsinje akutumikira ine amene ndimamwa madzi a mu Shire ku Blantyre, ndipo chiphunzitso cha Mpingo pa za malipiro oyenera sichimupatula iyeyu. Papa Fransisko, m'kalata yake ya mu 2015 yotchedwa Laudato Si', adakumbutsa maiko olemera kuti ali ndi ngongole kwa maiko osauka pa za chilengedwe. Ngati ndalama za mpweya zikubwera, zibwere. Ndi ngongole, si mphatso. Dziko lathu lidalonjeza mu 2016 kuti lidzabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango zowonongeka pofika 2030, ndipo lonjezo lalikulu chotere silingakwaniritsidwe ndi nyimbo za pa tsiku lobzala. Koma mbiri ya bonasi ija ikutipatsa mafunso oti tifunse aliyense wobwera ndi mafomu pamudzi. Mtengowu ukakula udzakhala wa yani, ndipo zalembedwa pati? Mwini munda adzaloledwa kudulako phaso la nyumba yake popanda kugwada kwa wina? Pa kwacha iliyonse yotuluka kwa wolipira, ndi matambala angati adzafike m'manja mwa mlimi, ndipo angati adzathera pa magalimoto ndi misonkhano ya kunyanja? Ndalamayo ikadzaleka kubwera, pakuti ntchito zonse zotere zimakhala ndi tsiku lotha, kodi mtengowo udzakhala ndi chifukwa china choimira? Mango ali nacho, mapeyala ali nacho, msangu uli nacho. Mtengo umene udabzalidwa chifukwa cha malipiro okha umagwa tsiku limene malipirowo aima.

Mafunso omwewa tiwabweretse pabwalo la tchalitchi. Nyengo yobzala mitengo masiku ano imayambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo m'maparishi ambiri a m'mzinda uno mudzakhala Loweruka limodzi la mbande, zithunzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Bungwe la parishi lisanagule mbande ndi imodzi yomwe, likhale pansi ligawe mizere: uwu ndi wa mphakati wakuti, uwu ndi wa banja lakuti, ndipo mainawo alembedwe m'buku monga timalembera a ubatizo. Lipangane amene adzapalire mu Febuluwale, amene adzalambule njira yotchinga moto mu Julayi, ndi amene adzatunge madzi mu Okutobala dzuwa likafika paliwombo. Lipanganenso poyera, lero lomwe, za amene adzathyole zipatso ndi kudula mapolo zaka zisanu ndi ziwiri zikubwerazo, ndi kumene ndalama yake idzapite. Ngati manja opezeka angathe kusamala mbande 50 zokha, tigule 50, ndipo pa Misa ya Khirisimasi yotsatira mlembi wa bungwe aimirire awerengere mpingo kuti zatsala zingati.